Mabawuti a Kilatchi Anandilanda Unkhoswe

Inu owerenga, ine ndinataya unkhoswe wa mwana amene ndinalera ndekha chifukwa cha timabawuti tating'ono ngati chala chamkombaphala. Sindinalodzedwe ayi. Amene anandipweteka ndi manja angawa.

Ndimagwira ntchito yosamala maluwa ndi kapinga pa nyumba ina ku Area 47. Chaka chimenecho ndinagula njinga yamoto yogwirapo kale ntchito, yofiira psu. Abale inu, chimwemwe chake! Ndinkaipukuta m'mawa, ndinkaipukuta masana, mpaka alonda anzathu ankandiseka kuti ndapeza mkazi wachiwiri. Ine ndinkangoti sekani, mudzapempha lifiti.

Nthawi yomweyo Tadala, mwana wa malemu achemwali anga, anapeza banja. Mwanayu ndinamutenga ali wamng'ono, wakulira pakhomo panga. Tsono pachinkhoswe chake, ine monga malume ndi amene ndinayenera kukaima kutsogolo, kulandira tambala kwa akuchimuna ndi kupereka msoti. Ndinasoketsa jekete. Ndinkayeserera zoyankhula uku ndikuthirira maluwa. Ndinkadziona ndikulowa m'mudzi mwathu cha ku Mitundu pa njinga yangayanga, amayi akululutira, fumbi lili kobo!

Koma sabata imeneyo kilatchi inayamba kuterereka. Ukakoka moto injini inkangokuwa, njinga osathamanga. Ndinapita ku Area 2, kwa amwenye, n'kugula mapuleti atsopano a kilatchi. Wogulitsa anandifunsa ngati ndili ndi makaniko. Ndinamuyankha monyada kuti makaniko ndine. Si ine kodi ndimakonza makina otchetchera kapinga a abwana? Si ine ndinakulira pa ngolo ya ng'ombe?

Lachisanu masana ndinayala saka pansi pa mtengo wa mango, n'kukhetsa oyilo, n'kutsegula chivundikiro. Kumasula kunayenda bwino kwambiri. Ndinachotsa mapuleti akale, n'kuika atsopano, ndikuimba mluzu. Ndiye panafika pobwezera mabawuti amene amapanikiza masipuling'i a kilatchi. Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje.

Kwathu bawuti timamanga ngati ya gudumu la ngolo: umakoka mpaka ilire. Ndinayamba ndi imodzi, n'kuimanga mpaka kumapeto zinzake zili lendelende. Kenako yoyandikana nayo, chimodzimodzi, kuzungulira. Yomaliza inkalimba, ndiye ndinatenga paipi n'kulowetsa ku sipanala kuti ndipeze mphamvu. Inalira kuti “tswi”. Ine mtima mbee, ndikuti eya, yagwira imeneyo. Ndinatseka, n'kuthira oyilo, n'kuliza. Ndinazungulira mpanda kawiri, ndikumva ngati ndine mwini wa Lilongwe yense.

Loweruka m'mawa ndinavala jekete langa, msoti uli m'dengu kumbuyo. Ha, njinga inkauluka tsiku limenelo! Mphepo ili kumaso, ine ndikuimba nyimbo zachinkhoswe m'chipewa. Ndinadutsa Area 3 ndikuwapatsa moni ngakhale anthu osawadziwa.

Nditangowoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kulowa ku Old Town, ndinakoka kilatchi kuti ndisinthe giya. Ndinangomva “gwedede!” m'injini, ngati wina wathiramo miyala. Njinga inadumpha n'kuzima pakati pa msewu. Maminibasi mahutala mbwee, makondakitala akundinena, msoti nawo ukulira m'dengu. Mayo ine!

Ndikanatha kukwera minibasi. Koma kusiya njinga yanga pamsewu ku Old Town? Ndinaikankha mpaka kwa makaniko wina kuseri kwa mashopu, thukuta lili kamukamu m'jekete. Ndinaimbira foni kumudzi kuti andidikire pang'ono.

Makanikoyo atatsegula anagwira pakamwa. Bawuti ija ndinaikoka ndi paipi inali itathyoka, mutu wake n'kumazungulira m'kati, kuswa zonse zimene unakumana nazo. Mbale yopanikiza mapuleti inali itang'aluka chifukwa inakhala mopendekeka.

“Akulu, munkamanga mlatho kapena kilatchi?” anandifunsa.

Anandionetsa mmene zimakhalira. Mabawuti onse umayamba walowetsa ndi zala. Kenako umamanga pang'onopang'ono modumphitsa, iyi kenako ya kutsidya kwake, kuti mbale itsike mofanana. Pomaliza pali sipanala yoyezera mphamvu, imene imakuuza kuti basi pakwana. Ine ndinali ndisanaionepo chibadwire.

Ndinasiya njinga pomwepo n'kuthamangira minibasi, dengu kumanja. Koma akuchimuna anachokera kutali ku Ntcheu pa galimoto yahayala yoyenera kubwerera tsiku lomwelo. Anadikira mpaka anatopa. Pamene ndinkafika, mwambo unali utatha. Anali atagwira nkhuku ina ya pakhomo, ndipo msuweni wanga Bonifasi, munthu amene sanamugulirepo Tadala ngakhale pensulo, ndi amene analandira tambala. Tadala anangondiyang'ana, maso ali jenje. Zinandipweteka kwambiri.

Inu owerenga, makamaka anzanga a njinga zamoto, bawuti ya kilatchi siifuna nyonga, imafuna muyezo. Musaikepo paipi. Mangani modumphitsa, pang'onopang'ono, ndipo ngati simukudziwa funsani, paja safunsa anadya phula. Komanso musatsegule injini mawa lake muli ndi ulendo woti simungauphonye.

Njinga inakonzedwa, ikuyenda mpaka lero. Koma unkhoswe sabwereza. Tadala atabereka mwana wake woyamba, apongozi ake anaimbira a Bonifasi, poti ndiwo ankhoswe. Ine ndinamva kwa anthu kuti mwana wanga ali ndi mwana.