Njinga ya a Daka pa Kachasu

"Ife tikuchedwa, njinga ya akulu a mpingo yafika kale pa kachasu." Anatero mayi wina pa mpopi ku Nabvutika, milomo atayikwinya ngati walawa ndimu. Pofika madzulo komboni yonse inali kuyeseza mawuwo, ena mpaka ndi kayendedwe ka a Daka, kaja kopendekera kumanzere.

A Lazarus Daka ndi osoka nsapato. Mkati mwa sabata mumawapeza pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, ulusi kukamwa, nsapato ya munthu pabondo. Pa Sabata amavala jekete, ndi mkulu wa mpingo. Mowa sanaulawepo. Ngakhale thobwa likagona masiku awiri amayamba alinunkhiza kaye.

Koma Chiweru chilichonse masana amamanga kampando pa keliyala n'kupalasa kupita kwa a Magalita otcheza kachasu. Kampandoko n'kawo, ati sangakhale pa benchi ya oledzera. Njinga amaitsamiritsa kumpanda poyera, ati kubisala n'kwa akuba. Apo ndi pomwe anaphonya, chifukwa njingayo ili ndi mabelu awiri ndipo ngakhale wakhungu amaidziwa.

Amene a Daka amawatsatira kumeneko ndi mnzawo, a Yosefe Soko. Anakulira limodzi ku Kasenengwa, anabatizidwa tsiku limodzi. A Yosefe anali a besi mu kwaya, besi yoti malata ankanjenjemera. Akazi awo atamwalira anayamba kumwa, mpingo unawadula, ndipo papita zaka zinayi. Pano atha, akutsokomola. Mabowo awiri atsopano pa lamba wawo anaboola ndi a Daka omwewo. Ndipo lamulo aliyense amalidziwa: wodulidwa akafa kwaya sibwera, amayi a chigwirizano savala yunifomu, bokosi limapita kumanda zii ngati katundu.

"A Soko, mawa ndikupitireni, tipite ku tchalitchi?" amayamba choncho a Daka akangokhala pansi.

"Mundipitire ndikakhale pati? Pa benchi ya kumbuyo miyezi isanu ndi umodzi, pamodzi ndi atsikana a mimba za patchire? Tiana tizinditembenukira? Ine ndi imvi zangazi?"

Sakunama. Wobwerera amayamba wakhala kumbuyo, mgonero ukumudutsa, mpaka akulu atakhutira.

"Chabwino, tingoimbako kamodzi."

A Daka amayambitsa ndi mawu awo owonda aja ngati a mbuzi yomangidwa. A Yosefe amapirira mzere umodzi, wachiwiri, kenako amalephera kupirira.

"Mukuiwononga nyimboyo, a Daka. Tsikani pansi."

Besi imatuluka. Oledzera ena amavula zipewa, wina amayamba kulira kutchula amayi ake. A Magalita amatulukira atagwira m'chiuno.

"Abambo, ndinakuuzani. Makasitomala anga akayamba kulira samwa."

Nkhani inafika kwa akulu anzawo ndipo anawaitana. Wapampando ndi mphunzitsi wopuma, amalankhula akukoka mawu, magalasi ali pamphuno.

"A Daka-a. Mbiri ya mpingo-o. Anthu akuti mkulu wathu amachokera pa kachasu akupendekera."

"Kupendekeraku n'kobadwa nako, akulu."

"Ife tikudziwa. Akunja sadziwa. Mnzanuyo muzikamuona kunyumba kwake."

"Kunyumba amangogonako. M'mawa ndimagogoda, satsegula. Amakhala maso pa kachasu paja basi."

Anati aziwayang'anira mpaka mgonero wa mwezi wamawa. Akaoneka kwa a Magalita kamodzi kokha, jekete avula, ukulu watha, nawonso adulidwa.

Kunyumba sikunali kopumira. Akazi awo, a Rhoda, ndi mlembi wa chigwirizano.

"Bambo a Sheila, mukadulidwa ine nkhope ndiika kuti? Anzanga ayamba kale kundiyang'ana ngati ndine ndimatcheza. A Soko ali ndi abale awo. Inu muli ndi ife."

Zimene ananena akaziwo zinali zoona, za wapampando zinali zoona, ndipo chifuwa cha a Yosefe nachonso sichinali chabodza.

Chiweru chinafika. Anamanga kampando, anamasula. Anatenga nsapato ya munthu, anaisoka mokhota, anaphwasula. Anakhala pakhonde. A Rhoda ankasesa malo amodzimodzi akuwayang'ana m'mbali. Dzuwa litapendeka anamanganso kampando kaja n'kutuluka, mabelu osaliza.

Anapeza a Yosefe atatsamira chipupa, maso ali chotseka, botolo lisanafike ndi pakati pomwe. A Magalita anawalandira akuseka.

"Ndamva akukudulani, abambo. Ndikuthireni kakang'ono kuti mlanduwo ukhale weniweni?"

A Daka anaika kampando pansi pafupi ndi mnzawo.

"Ayi, amayi. Ndikasiya kubwera, uyu apita wopanda nyimbo. Ndikamabwera, tipita tonse awiri opanda nyimbo. Pa ziwirizi sindinasankhe. Ndingokhala pano kaye, mwina akadzuka anena kuti inde, mawa ndimupitire."