Kupita ndi Kompyuta ku Limbuli

Ndinanyamuka pa Chinakanaka m'mamawa chiperoni chikuwaza, nditavala tayi, kompyuta ili m'zidutswa zitatu. Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi. Ine ndinali mphunzitsi wa masamu, ndipo poti ndinali nditachitako kakosi ka makompyuta ku Blantyre, akuluakulu anandisandutsa katswiri. Anandituma kusukulu ina ya mishoni kuseri kwa Limbuli, kumene aphunzitsi a sekondale anasonkhana kuti ndiwaphunzitse, nawonso akaphunzitse ana. Makinawo anali amodzi okha, mphatso yochokera kunja. Ahedi anga ananditsanzika motere: "Mukaphwanya, a Namaona, musabwerere kuno. Mungopitirira ku Mozambique."

Mayi a kunyumba anakulunga bokosi lake m'bulangete. Kiyibodi ndinaibisa m'jekete, ndipo sikirini, chimutu chagalasi chija, tinachifunditsa chitenje kuti chisanyowe.

M'basi ndinachifungatira pamiyendo. Mayi wina amene anali ndi dengu la nanazi anandiyang'ana nthawi yaitali mwachisoni, kenako anafunsa chapansipansi, "Pepani bambo, mutuwu wayamba liti kutupa?"

"Si mwana uyu, mayi. Ndi kompyuta."

"Limbani mtima. Matenda a masiku anowa, ndi mayina ake omwe!"

Anandipatsa nanazi kuti ndikamusendere kuchipatala. Kondakitala atamva zimenezo anati mwana wosinkhuka chonchi amalipira theka. Denga la basi linkadontha, choncho sindikanavundukula kuti ndimutsutse. Ndinapereka matambala makumi asanu.

Basi inathera pa Chitakale. Njala itandipota, ndinati ndilowe mumsika ndigule chinangwa chophika ndi nyemba za kalongonda. Pachipata panali anyamata a chipani oona makhadi. Langa ndinaonetsa, koma wamkulu wawo, wa wezulo m'khosi, anatukula chitenje chija.

"Kanema uyu! Kuno ku Malawi kulibe kanema. Mwamutenga kuti?"

"Si kanema, achimwene. Ndi makina a sukulu. Amawerengetsa, amaganiza."

"Amaganiza?" Anacheukira anzake. "Nanga khadi lawo lili kuti?"

Ndinaseka, koma ndinaseka ndekha.

"Aphunzitsi, mwana wa m'mimba amagulidwira khadi, pomwe sanayambe n'kuganiza komwe. Ndiye awa alowe mumsika chabe?"

Ndinagula. Mnyamatayo analemba dzina mosamala, lilime lili kunja: Kompyuta Namaona. Anafunsanso ngati ali pabanja.

Kuchoka apo ndinakwera lole ya esiteti yomwe inanyamula othyola tiyi. Msewu unali wa mabampu, ndipo lole ikadumpha mtima wanga unkadumphira limodzi. Anthuwo anandichitira chifundo, nayala madengu awo kuti bokosi likhale pofewa. Bambo wina anapempha kuti makinawo amuuze ngati kapitawo amamubera pasikelo. Nditati popanda magetsi sayankhula, anagwedeza mutu. "Ndiye ndi bwana weniweni," anatero.

Pa Limbuli ndinapeza wanjinga, a Mukhito. Anamanga bokosi pakaliyala ndi malamba a tayala, koma anakana kupalasa. Katundu wotere, anati, amayenda ngati maliro. Iwo ankakankha njinga, ine m'mbuyo nditasenza sikirini pamutu, tayi ili pa phewa. Aliyense wokumana nafe, a Mukhito ankamulonjera m'Chilomwe n'kumuuza kuti tanyamula ubongo wa mzungu.

Tinafika dzuwa litapendeka. Aphunzitsi anali atakhala kale m'kalasi, amuna m'masuti, akazi m'madiresi aatali. Asisitere oyang'anira sukuluyo analamula kuti injini ya magetsi ilizidwe. Ndinalumikiza zingwe. Kachizindikiro kobiriwira katayamba kuphethira pagalasi, ndinapuma, kenako ndinayamba kudzitama.

"Makina awa saiwala. Chilichonse chimene mungalembe, amasunga."

A Muhiwa, mphunzitsi wa jogirafe, anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Amasungira ndani?"

Palibe anatchula dzina, koma maso onse anapita pa chithunzi chimene chinali pamwamba pa bolodi. Ndinamva mipando ikukhwekhwerezedwa chobwerera m'mbuyo. Ndinawachonderera kuti wina abwere adzangolemba dzina lake. Wina anati chala chamuzizira. Wina anati waiwala magalasi, ali nawo kumaso. Ndinaona ulendo wanga wonse ukupita pachabe.

Potsiriza anaimirira mayi Nasiyaya, mphunzitsi wa Chichewa amene anatsala pang'ono kupuma pantchito. "Ine ndakalamba, akanditenga akangovutika nane," anatero. Anakhala pansi, nafunafuna zilembo ndi chala chimodzi, mpaka pagalasi panaoneka mawu: NYEMBA ZA PANO ZILI NDI ANANKAFUMBWE.

A Muhiwa anagwira pakamwa. Asisitere anayang'ana kudenga. Nthawi yomweyo injini kunja inatsokomola n'kuzima. Dizilo anali atatha.

Atathiramo wina, ndinayatsanso. Galasi linali mbee.

"Nyemba zanga zapita kuti?" anafunsa mayi Nasiyaya.

Ndinavomera mwamanyazi kuti magetsi akazima musanaiuze kuti isunge, zonse zimafufutika.

"Ndiye kuti imaiwala?"

"Imaiwala, mayi."

Kalasi yonse inaomba m'manja. Anthu anandanda mzere mpaka pakhonde. Wina analemba za malipiro, wina za nyumba yodontha, a Muhiwa analemba ndime yathunthu ya apongozi awo. Anasankha mphunzitsi mmodzi wa dzanja lachangu kuti aime pa switchi, ndipo aliyense akamaliza ankafuula, "Zimitsani!" Pofika madzulo ambiri anali atadziwa pamene pali chilembo chilichonse.

Ku Blantyre anandiphunzitsa kuti ubwino wa kompyuta ndi kukumbukira. Anzanga aja anaikonda poti inali yoyamba imene akanaiuza zakukhosi, iyo n'kumva, osakauza munthu.