Tsiku Limene Atate Anabera Mbuya Wawo

M'buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku muli masamba atatu a chaka chatha amene ndimawerenga kawirikawiri.

Panjira yanga ya kusukulu, kuno ku Luangwa mu Kitwe, panali timisasa tinayi ta mapulasitiki ndi malata akale, totsamira mpanda wa msika. M'kamodzi munkagona abambo ena okalamba, Abemba, amene kale ankagwira ntchito kumgodi limodzi ndi atate. Tinkawatchula bashikulu, ndiye kuti agogo m'Chibemba.

Lolemba lina ndinapeza timisasa tonse talembedwa mtanda wofiira. Bashikulu anandiimitsa kuti ndiwawerengere pepala la khonsolo, poti maso awo anafooka. Linkanena kuti lamulo la mzinda sililola kumanga kapena kugona m'mbali mwa msewu, ndipo Lachisanu zonse zidzagwetsedwa. Nditamaliza kuwerenga, ndinawabwezera. Iwo anapinda pepalalo bwinobwino nanena kuti kumudzi kulibenso wowadziwa, koma sadzapempha malo kwa munthu.

Ine sindikonda kulankhula pamaso pa akuluakulu, koma madzulo amenewo ndinafotokozera makolo anga zonse. Amayi anati tiitane bashikulu adzakhale m'kachipinda kosungiramo makala kuseri kwa nyumba. Atate anapukusa mutu. Anati a kutchalitchi anayesa kale kawiri kumuthandiza, ndipo munthu uja ukamumvera chisoni amakwiya.

Lachinayi m'mawa atate anabwereka wilibala nanditenga. Ife ochokera kuchigawo cha kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, timatchulana mbuya: timanyozana mwanthabwala, timalandana zinthu, ndipo wolandidwa saloledwa kupsa mtima. Titafika, atate sanapereke ngakhale moni. Anangoyamba kukweza bulangete, poto, mbaula ndi chipewa chakale cha kumgodi.

"Wakuba iwe, wodya mbewa, siya zinthu zanga!" anakuwa bashikulu.

"Khala chete, wodya anyani," anayankha atate. "Katundu wa Mbemba ndi wanga. Ngati ukumufuna, ukamulondere kwathu."

Azimayi a pamsika anafa nazo nseko. Mmodzi anauza atate m'Chibemba kuti akweze ndi mwiniwake yemwe pawilibalapo. Bashikulu anatitsatira njira yonse akunyoza mtundu wathu wonse, ine nditafungatira kawailesi kawo pachifuwa. Anzanga a kusukulu anationa, koma sindinawerame. Ndinayenda pafupi ndi atate kuti aliyense adziwe kuti ndine mwana wawo.

Kunyumba tinapeza amayi atatulutsa makala, atasesa ndi kuyala mphasa. Nawonso sananene mawu achifundo. Anangochenjeza bashikulu kuti asatiyambitsire kudya anyani pakhomo.

Lachisanu timisasa tija tinagwetsedwadi. Eni ake a titatu tinato sindidziwa kumene anapita, ndipo ndimawakumbukira m'pemphero.

Bashikulu akadali kuseri kwathu. Aliyense wobwera amamuuza kuti iwo sakhala pano, akungodikira kuti mbala zibweze katundu wawo. Atate mpaka lero akukana kubweza.