Mbale Yowongoledwa pa Jeke

Achimwene, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, ndipo ndabwera ndi mlandu. Dzulo ku Wimbe ndinapeza alamu, akazi anu omwewa, atavundikira ndowa ya feteleza wa makuponi ndi mbale yathu ya galamafoni. Inde, ija tinakagula ku Kasungu titagulitsa fodya wathu woyamba, inu n'kuimanga pakaliyala wa njinga dzuwa likuswa mtengo. Tinafika nayo itapindika ngati chipewa. Ine misozi ili mbwembwembwe, inu munati, "Iwe, sukulu yakupusitsa. Jeke amapana belo la fodya, angalephere kambale?" Munaipana pakati pa matabwa masiku atatu. Inawongoka ndithu, kungoti woyimba ankabwereza mzere umodzimodzi mpaka wina akankhe singano. Ntchito imeneyo munandipatsa ine, ati ndine wophunzira, inu n'kumavina.

Alamu akuti zinthu zakale zilibe ntchito. Ndawagulira chivundikiro chenicheni, mbale ndatenga. Galamafoni ndiisaka mpaka ndiipeze, chifukwa tsiku lomanga chiliza chanu mbale imeneyi ilira basi. Ikakakamira pamzere uja, wina asayandikire. Wokankha singano ndidakali ine.