Fulemu yagolide ya aLenia

ALenia ndinayandikana nawo nyumba kuno kwa Kaduya. Amalima mpunga kudambo, koma m'mudzi muno amadziwika ndi ukhondo. Khonde lawo limakhala lozira, mbale zawo zimawala ngati azigula dzulo. Anabereka ana anayi, anakula mmodzi yekha, Chikhulupiliro, amene ankapalasa kabaza ku Chiringa. Madzi a namondwe wa mu 2023 anamukokolola pamodzi ndi njinga yake. Thupi silinapezeke, choncho alibe manda oti akaoneko. Chinatsala ndi chithunzi chimodzi, chimene anajambulitsa tsiku lomwe anagula njingayo.

Tsiku lina la msika anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Chiringa kukagula fulemu. Wogulitsa, Thomson, anali atayala mafulemu a pulasitiki pachiguduli, pambali pa mabeseni.

"Yamaluwayo ndi ya ukwati, mayi," anatero Thomson. "Kapena mwapeza bambo?"

"Iwe, ndi mano atatu atsalawa? Tandipatsa yagolideyo."

Anayesa chithunzicho m'mafulemu atatu. Ina inadula mutu, ina inakula kwambiri. Yagolide inakwana, ngakhale kuti ngodya yake yam'munsi sinkatseka bwino. Anaipachika pabalaza, moyang'anana ndi chitseko.

M'mawa uliwonse akatsuka mbale, ankaipukuta ndi kansalu konyowa, monga amachitira ndi chilichonse chimene amachikonda. Madzi ankalowera pangodya paja pang'onopang'ono. Ine ndinaona banga litayamba pachithunzipo, pa matayala a njinga. Ndinafuna kunena, koma munthu wamkulu ungamuuze bwanji kuti akuwononga mwana wake ndi dzanja lake lomwe? Ndinangoti mawa. Mawa linakhala miyezi.

Mvula itayamba, anandiitanira pampanda.

"Achemwali, tabwerani mudzaone. Mwanayu akusungunuka."

Banga linali litafika pachibwano. Tinatsitsa fulemuyo n'kupinda tizitsulo takumbuyo. Katoni yake inali itafewa, ikununkha nkhungu. Chithunzi chinali chitamatirira ku pulasitiki woonekera wakutsogolo. Nditakweza ngodya imodzi ndi chikhadabo, pepala linanyamuka loyera, utoto n'kutsalira pa pulasitiki.

"Basi! Siyani!" anakuwa aLenia atandigwira dzanja.

Lachisanu tinaikulunga m'chitenje n'kupita nayo kwa wojambula zithunzi ku boma. Bamboyo anaitembenuza kawiri, n'kupukusa mutu.

"Kuchichotsa ayi, mayi, chithera pomwepa. Ndingochijambula momwe chililimu, ndikutsukireni china. Koma chimene chapita chapita."

Tinadikira pabenchi panja. Atabweretsa chatsopanocho, chinali ndi chipumi, maso ndi mphuno. Pakamwa panali chimtambo chabuluu, ndipo njinga inangotsala chiwongolero. ALenia anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchisendeza pafupi, kenako patali.

"Maso ndi ake ndithu," anatero. "Koma paja mpata wa mano uja unali m'mwamba kapena m'munsi? Inu munkamuona tsiku ndi tsiku akudutsa pakhomo panu."

Ndinayesetsa kumukumbukira akuseka, atanyamula munthu kumbuyo kwa njinga. Ndinakumbukira belu lake ndi chipewa chake chofiira. Mano sanabwere.

"M'mwamba," ndinayankha.

"Mukutsimikiza?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anachilowetsa chithunzicho m'thumba la pulasitiki, n'kumanga pakamwa pake mfundo ziwiri.