Nsanja ya Mbuzi Yoyera

Kapu ija inali yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu, ndipo pambali pake panali popindika pomwe utoto unakanganuka n'kusiya chitsulo chakuda. Chinapinda pamenepo ndi chiboda cha mbuzi. Ndikaikumbukira ndimamva fungo la khola m'mawa, ndiponso mawu a mng'ono wanga m'nyumba, mawu osasa a mwana amene walira mpaka kutopa.

Inali nthawi ya Chitaganya, chaka chimene atate anapita ku migodi. Tinkakhala m'mudzi mwa amayi, kuseri kwa Sinda, kutali ndithu ndi msewu wa ku Fort Jameson. Amayi anabereka mwana wamkazi titangokolola. Patapita miyezi ingapo bere lina linatupa, linaphulika mafinya, malungo anawagwetsa pamphasa. Pamene ankadzuka, mkaka unali utauma m'mawere onse. Anamwa mankhwala a mizu, anatafuna chinangwa chachiwisi ndi mtedza monga anawauzira amayi anzawo, koma ayi ndithu. Mwana ankagwira bere, n'kulilavula, n'kuyamba kulira. Phala lamadzimadzi ankalisanza. Liwombo linayamba kulowa.

Aphunzitsi a pa sukulu ya mishoni ndiwo anabwera ndi mbuzi. Inali yoyera, ya makutu ogwa, yotsatidwa ndi kamwana kake, ndipo anachita kuibwereka kwa mbale wawo cha ku Vubwi. Anaimangirira pamtengo wa mango n'kunena kuti, "Mkaka ndi mkaka, amayi. Muziuwiritsa basi." Kwathu mbuzi inali ya ndiwo pa maliro ndi yolipira milandu. Zoikama tinali tisanazimvepo. Amayi anangoyang'ana pansi n'kuwomba m'manja pang'ono.

Ntchito yokama inagwera ine, poti manja anga anali aang'ono, oyenera timawere take. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankagwira nyanga. Koma mbuzi ija inali ndi mtima wake. Ndikangoigwira, inkakhala pansi. Amalume akaidzutsa, inkaponda m'kapu. Tsiku lina ndinakama bwino mpaka pakati, ndiye inatembenuka kamodzi kokha, mkaka wonse unamwedwa ndi fumbi ine ndikuona. Miyendo yanga inadzaza mabala. Zimene zinkafika kwa mwana zinali timasupuni tochepa, tina tili ndi ubweya.

Aphunzitsi atamva, anatola kamtengo n'kujambula pansi chinthu chimene anachiona kusukulu ya uphunzitsi: kansanja koti mbuzi iziimapo, kutsogolo mitengo iwiri yopana khosi, ndi podyera gaga. Amalume anayang'ana n'kuseka. Iwo anali katswiri wa nkhokwe, mudzi wonse unkawaitana. "Ichi ndimaliza dzuwa lisanapendeke," anatero.

Anamalizadi, koma anamanga ngati thandala loyanikapo mbale, lalitali, pansi pake nsungwi zobulungira. Mbuzi inakana kukwera. Titainyamula n'kuiika pamwamba, mwendo unalowa pakati pa nsungwi, inalira ngati ikuphedwa, ndipo tsiku limenelo sinatulutse ngakhale dontho. Amalume anagumula, anamanga yaifupi. Pa imeneyo mpata wa khosi unakula, mbuzi inkangosolola mutu ngati munthu wovula chipewa. Anachepetsa mpatawo, inayamba kutsamwa, lilime panja. Kenaka anaganiza zomanga mtengo umodzi ndi luzi kuti uzimasulidwa. Mbuzi inadya luzilo. Ndinaiona ndi maso anga ikutafuna modekha, ikundiyang'ana.

Lero ndikhoza kuseka. Nthawi imeneyo sindinkaseka. Dzuwa la Okutobala linkatentha mpaka nyenje kulira ngati zili m'mutu, thukuta likulowa m'mabala, ntchentche zikuzinga kapu, ndipo kuchokera m'nyumba mawu aja ankabwerabe, tsiku lililonse ocheperako mphamvu. Anthu opita kudimba ankaima panjira. "Kodi mukumangira mbuzi tchalitchi?" Amalume ankangoluma mano. Akachoka anthuwo, ukali wawo unkagwera ine: ndagwira molakwa, ndaiopseza, ndachedwa ndi gaga. Inenso wanga ndinkautsanulira pa mbuzi. Ndinaimenyapo ndi chikuni pamsana, ndipo inandibwezera pomana mkaka.

Amalume ndi aphunzitsi anafika pokangana. Aphunzitsi ankati pakufunika matabwa osalala ndi misomali. Amalume ankati makolo awo anamanga midzi yathunthu popanda msomali, ndipo munthu amene sanagwirepo kasemasema asawaphunzitse ntchito. Aphunzitsi anakwera njinga n'kupita osatsanzika. Ndikaganiza tsopano, onse awiri ankaopa chinthu chimodzi, ndipo panalibe wofuna kuchitchula. Masiku angapo anapita pachabe chifukwa cha mkangano umenewo, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire kwenikweni. Pamene amalume ankabwereranso ku nsanja ija, chiswe chinali chitalowa m'mizati, inangoti phwa atatsamira.

Madzulo a tsiku limenelo amayi anatuluka ndi mwana m'manja. Sanakalipe. Anamuvundukula, anawaonetsa amalume timikono take, n'kunena kuti, "Achimwene, taonani." Basi.

M'mawa mwake amalume anayenda wapansi mpaka ku Katete. Anabwera tsiku lachitatu atasenza mabokosi awiri a sopo amene anawapempha ku sitolo ya Mmwenye, atamuwazira nkhuni tsiku lonse. Anawaphwasula mosamala, misomali yopindika ankaiwongola pamwala umodziumodzi. Ananditumanso kwa aphunzitsi, osati ndi mawu opepesa, koma kuti, "Ukawauze abwere adzaone ngati mpata uli bwino." Aphunzitsi anabwera atanyamula bawuti imene anaimasula pa keliyala ya njinga yawo. Anaboola ndi chitsulo chamoto, mmodzi atagwira thabwa, wina akuboola, osayang'anana. Bawuti ija inalowa kumunsi kwa mtengo umodzi wa pakhosi kuti uzitseguka ndi kutsekeka, kumwamba anaikako chikhomo. Miyendo ya nsanja anaikhazika pa miyala kuti chiswe chisaifikire. Yonse inkanunkhira sopo.

Ndinathira gaga kutsogolo. Mbuzi inanunkhiza, inakwera yokha, inalowetsa mutu, amalume anatseka. Inayesa kukhala pansi, khosi linakana. Inaponda kawiri, kenaka inayamba kudya. Ndinagwada pambali, mphumi yanga pamimba pake potentha, ndipo mkaka unayamba kulira pachitsulo, kenaka phokosolo linasanduka la thovu. Aphunzitsi anavula chipewa. Amalume anapita kuseri kwa nyumba, ati kukafuna fodya.

Sikuti mavuto anathera pomwepo. Chikhomo chinkatayika, gaga ankatha, kamwana ka mbuzi tinkakatsekera padera ndipo kankalira mpaka kundipweteka mtima. Koma mvula yoyamba itagwa, liwombo la mng'ono wanga linali litadzaza. Pofika nthawi ya chimanga chachiwisi anali ndi masaya, akugwira supuni ndi dzanja lake n'kuikokera kukamwa. Ndinkayenda monyada ngati ndamubereka ndine.

Amayi sanafikepo pa nsanja ija. Mkaka ndinkawapatsira pakhomo, iwo n'kuwiritsa, n'kumwetsa mwana atatembenukira kukhoma. Kuchitsime amayi ena ankamutcha mwanayo kambuzi, akufunsa ngati nyanga zayamba kumera. Ine ndinkawayankha mwamwano. Amayi ankangotunga madzi awo.

Mwana atayamba kudya phala bwinobwino, aphunzitsi anabweza mbuzi kwa mwini wake. Tsiku lotsatira, pochokera kusukulu, ndinamva nkhwangwa kuseri kwa khola. Ndinapeza amayi akuwaza nsanja. Ankawaza ndi mphamvu imene sindinawaonepo nayo chidwalireni, nsalu itamasuka, matabwa akuuluka. Ndinakuwa, ndinawagwira mkono, ndinawakumbutsa za chiswe, za ulendo wa ku Katete, ndinawaonetsa zipsera za m'miyendo mwanga. Anandikankha pang'ono n'kunena kuti, "Nkhuni zatha." Nkhuni zinali mulu pakhonde.

Amalume anafika moto ukuyaka kale. Ndinathamangira kwa iwo ndikudziwa kuti akalipa. Anaima, anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana moto, n'kukhala pansi. Phulusa litazizira anatolamo bawuti kuti akabwezere aphunzitsi.

Ndinakhala masiku ambiri osalankhula ndi amayi. Ndinkati ndi osayamika. Ndinali mwana, ndinali ndisananyamulepo khanda langa pachifuwa, ndipo sindikanadziwa kuti m'mawa uliwonse pamene ine ndinkasangalala kuti mbuzi yakwera yokha, m'nyumba munali mkazi amene ankamva ziboda zikugunda pa matabwa, mwana wake ali kufunafuna ndi kamwa pachifuwa chouma, iye n'kumamubweza nkhope kuti adikire.