Bowo la Kuseri kwa Khola

Anthu ankangomutchula kuti Nachingwe, chifukwa kwa zaka khumi ndi ziwiri ntchito yake inali yotsitsa chingwe m'mabowo akuya omwe kampani yofufuza mafuta inkaboola. Kunsonga kwa chingwecho kunali kachitsulo koyezera kutentha. Ankatsitsa mamita khumi, n'kudikira kuti singano yoonetsa kutenthako ikhazikike, n'kulemba, n'kutsitsanso.

Katswiri wa miyala wa pakampanipo, bambo wosakonda kuseka, anamufotokozera kamodzi kokha. "Pansipa pali ngati uvuni, mayi. Moto ukachepa, mwala sutulutsa kanthu. Ukakwana, mumakhala mafuta. Ukapyola, mumatsala mpweya woyaka. Inu muzingotiuza motowo."

Nachingwe anali ataona kale zomwe zimatsatira moto wokwanawo. Zimayamba ndi zikhomo zopaka utoto wofiira, kenaka mpanda wa waya, kenaka malole onyamula malata ndi mbuzi za anthu kupita nazo kwina.

Chaka china anamutuma ku bowo latsopano, kuseri kwa khola la mlongo wake, pamalo pomwe iye anabadwira. Mlamu wake anamubweretsera mpando ndi madzi akumwa.

"Mukawapeza mafutawo mutigawireko, alamu, nyale yathu inauma kalekale," anatero akuseka.

Pofika mamita mazana asanu, singano inali itakwera monga inkachitira kumalo komwe anthu anasamutsidwa. Anakoka chingwe, napukuta kachitsuloko, natsitsanso. Chimodzimodzi. Kachitatunso sizinasinthe. Anaganiza zochotsako madigiri anayi okha, poti palibe akanazindikira msanga. Anakhala cholembera chili m'manja mpaka mthunzi wa khola unamufika kumapazi. Kenaka analemba zomwe anaona.

Katswiri uja atawerenga pepalalo anavula magalasi, natseka chitseko, nayamba kuimba foni monong'ona.

Patatha miyezi iwiri, mlongo wake anatulukira ku ofesi atanyamula chikhomo chofiira, dothi lidakali kunsonga. Anachiika patebulo, pamwamba pa mapepala.

"Achikhoma pafupi ndi manda a amayi. Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, achimwene."

"Unamwa madzi athu, n'kunyamuka osanena kanthu."

"Ndikananama, akanatuma wina. Akanapeza zomwezo."

"Koma akanakhala wina," anatero mlongoyo, natuluka osatsanzika.

Banjalo linasamutsidwira kuchigwa mvula isanayambe. Manda anatsala mkati mwa mpanda. Nachingwe yekha ndiye ankaloledwa kulowamo, poti anali ndi chiphaso cha ntchito, ndipo akamaliza kuyeza ankazula udzu pamandapo. Mlongo wake sanamuyankhenso foni.

Lolemba lina katswiri anamuitana, nayala mapu patebulo. Anali atajambulapo mzere wofiira kuchokera pakhola paja.

"Kutenthaku sikunathere pamenepa, kukuyenda chonchi," anatero, chala chikutsetsereka. "Mabowo ena asanu ndi awiri. Muyamba sabata yamawa."

Chalacho chinaima kuchigwa, pomwe mlongo wake anali atangomaliza kufolera nyumba.

"Ndani wina angapiteko?" anafunsa Nachingwe.

"Palibe, mayi. Woyeza bwino ndinu."